Ng'ombe Zimene Malume Anakana

Linily Mbewe sanabwere ku Mzimba mwa kufuna kwake. Boma ndilo linamutumiza, atangomaliza maphunziro a unamwino, kukagwira ntchito pa kachipatala kena ka kumudzi kufupi ndi Champhira. Anatsika basi ndi sutikesi imodzi, nsapato zoyera ndi mtima wobwerera. Kwawo ku Dedza ankamutchula Nambewe, koma kuno sanamufunse n'komwe. Tsiku lomwelo anasanduka NyaMbewe, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka lero. Aliyense womufunsa ankamuuza kuti sakhalitsa, akungodikira kuti amusamutsire kufupi ndi kwawo.

Amene anasokoneza zonsezi anali Louis Hara, mlimi wamtali, wosakonda zolankhula, yemwe anabwera tsiku lina atachekedwa phazi ndi pulawo. Linily anatsuka balalo, kulimanga, n'kumuuza tsiku lobweranso. Louis anabwera pa tsikulo, nabweranso masiku ena amene palibe anamuitana. Lero wanyamula mazira, mawa uchi m'botolo, mkuja mapeyala. Bala linapola kalekale koma mwini wake sanasiye kutsimphina, makamaka akayandikira pakhomo pa chipatala. Anamwino anzake ankaseka mpaka kugwira nthiti. Linily nayenso ankaseka nawo, ndipo kusekako n'kumene kunamugwetsa.

Nkhani ya ukwati itapsa, akuluakulu a kwa Hara anapita ku Dedza kukaonekera. Anapita monga amachitira anthu a ku Mzimba, mawu a ng'ombe ali pakamwa. Kuno ng'ombe za malowolo ndizo zimamanga mkazi pamudzi. Zikapita kwa makolo ake, mkaziyo ndi wa pamudzi pa mwamuna wake, palibe angamuthamangitse, palibenso angabwere kudzamutenga. Koma malume ake a Linily, eni mbumba, zimenezi sankazidziwa ndipo sanafune kuzimva. Atangomva mawu akuti ng'ombe anadzuka pampando.

"Mwana wathu si mbuzi ya pamsika," anatero malumewo. "Kuno ana sitigulitsa. Ngati mwamukonda mutengeni akakhale kwanuko, ife tavomera. Koma ng'ombe zanuzo zisaponde pano."

Iwo ankaona ngati akulemekeza mwana wa mlongo wawo. A kwa Hara anabwerako ali zyoli, ngati anthu amene awabwezera mphatso pamaso pa gulu. Ukwati unachitika ku tchalitchi, anthu anadya, anavina, ndipo nkhani ya ng'ombe inakwiriridwa. Palibe anaiiwala, koma palibenso anaitchula.

Louis anapatsidwa malo kumapeto kwa mudzi, otsetserekera ku dambo, nthaka yake yoguga ndi fodya wa zaka zambiri. Anzake a msinkhu wake nthawi imeneyo ankathamangira ku Joni n'kumabwerako ndi malata, mawailesi ndi majekete achikopa. Akamunyengerera kuti apite nawo, iye ankangoloza kumunsi n'kunena kuti, "Joni wanga ndi dambo ilo." Fodya anamusiya. Anayamba ndi khola, chifukwa ankati munda umadya zochokera m'khola, ndipo wosaudyetsa asamaudandaule.

Khasu Linily ankalidziwa monga mwana aliyense wa ku Dedza, koma ng'ombe ankaziopa koopsa. Tsiku loyamba kugwira pulawo anazikalipira m'Chichewa, izo zikungomuyang'ana, kenaka zinanyamuka zokha n'kumukokera m'munda wa mtedza wa eni ake. Elube, mkazi wa a Fanuel, akulu ake a Louis, anaseka mpaka kukhala pansi. Koma ndi yemweyo amene anabwera m'mawa mwake kudzamuphunzitsa kumanga goli ndi kulankhula ndi ng'ombe. Chinzake chawo chinayambira pamenepo.

Akaweruka ku chipatala, Linily ankavula yunifolomu n'kuthamangira ku dimba dzuwa lisanalowe. Chitsime anakumba awiriwiri, Louis pansi, iye pamwamba akukoka ndowa ya dothi, uku akukangana ngati madziwo alikodi. Anadzala malaina ndi mibawa kuti nkhuni zisakhale za kuphiri, misangu m'munda, mapeyala ndi mango kuzungulira nyumba. Mbuzi zinabwera, nkhunda zinabwera, ming'oma ya njuchi inapachikidwa m'mitengo ya kumunsi. Mpendadzuwa ankakayengetsa mafuta. Masamba a nthawi ya mvula ankafutsa kuti chilimwe chisawapeze opanda ndiwo. Mbewu sankagula. Pokolola, Linily ankasankha yekha ngala zikuluzikulu za chimanga cha makolo n'kuzipachika kukhitchini pamwamba pa moto, kuti utsi uziteteze kwa anankafumbwe.

Atapuma pa ntchito ya boma m'pamene anachita kulowa nazo mutu. Gregory wa golosale ankadandaula poyera kuti anthu onse akanakhala ngati NyaMbewe, iye akanatseka kalekale. "Mchere, sopo, machesi, mbwenu basi. Shuga sagula, akuti njuchi zilipo. Ndi kasitomala wanji ameneyu?" Linily ankangoseka n'kumusiyira mapeyala pa kauntala.

Musaganize kuti zonse zinali myaa. Chaka china matenda a nkhupakupa anatsala pang'ono kutseka khola. Chaka china mvula inadula chimanga chikumasula, nkhokwe inakhala yosafika pakati. Koma chinangwa ndi mbatata zinawaolotsa, n'kuolotsanso makomo ena oyandikana nawo. Mwana anapatsidwa mmodzi yekha, wamkazi, Temwa, amene anakula akukama mbuzi, ndipo tsopano ndi mphunzitsi ku Mzimba boma, pa banja pake. Linily sankabisa kukhutira kwake. Mlendo akayamikira pakhomopo, iye ankayankha kuti, "Ine ndinabwera kuno chimanjamanja. Zonsezi ndapatsidwa, ndipo Mulungu sanandinamize."

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chathachi, atangomaliza kukolola, Louis anadandaula chifuwa. Linily, amene anasamalira odwala osawerengeka, anaona yekha kuti apa pavuta, ndipo anathamanga naye ku chipatala cha ku boma. Sanabwerere naye wamoyo. Mwezi wa June, mphepo yozizira ikudula makutu, anamuika m'manda a kwa Hara.

Ku maliro kunabwera a Wilkins, mchimwene wake wa Linily, amene tsopano ndiwo anali eni mbumba poti malume aja anatsogola kale. A Wilkins anapuma ntchito ya ukalaliki ndipo amakhala pa kapuloti kawo ku Dedza boma. Potsanzika anauza a Fanuel mwaulemu kuti chisoni chikaphwa adzabwera kudzatenga mlongo wawo, a kwa Hara amusudzule monga mwa mwambo, akapumule kwawo. A Fanuel anangoweramitsa mutu. Sanavomere, sanakane.

Kusakanako n'kumene kunamulasa Linily. Malowo anali a kwa Hara, ndipo iye ankadziwa. Mwana wamwamuna woti aimirire pa dzina la bambo ake analibe. Ankayembekeza kuti mwina alamu ake abwera kudzanena kuti mulamu, musapite. Koma a Fanuel, amene kale sankatha masiku osadzakhala pansi pa mpeyala kudzacheza, tsopano ankadutsa njira ya kuseri. Akakumana ku tchalitchi ankapereka moni akuyang'ana nsapato zawo. Linily anamva yekha zimene sanauzidwe: mlendo ndi mame, ndipo dzuwa latuluka.

August atafika, ngolo zinayamba kulira m'njira zonse za m'mudzi, anthu akututa manyowa kupita nawo ku minda. Manyowa a m'khola la Linily anangokhala mulu. Adyetserenji munda umene sadzaukolola? Ku dimba ankapitabe kukathirira, chifukwa tomato sadziwa za maliro, koma akamaliza ankakhala m'mphepete mwa chitsime chija n'kumayang'ana mitengo. Sikuti ankaopa njala. Ku Dedza sakanagona ndi njala. Chimene chinkamuwawa n'chakuti mtengo uliwonse pakhomopo ankaudziwa kuyambira uli mbande, ndipo chitsime sichikwera basi.

Tsiku lina Elube anabwera ali wamanyazi, akupotokola nsonga ya chitenje.

"Alamu anu andituma," anatero. "Akuti ngati pali chimene mukufuna chithandizo pokonzekera ulendo, munene. Ngolo ilipo."

"Auzeni kuti yewo," anayankha Linily.

Elube atatembenuka, Linily analowa kukhitchini n'kulira kulira kumene sanalire ngakhale pa maliro.

A Wilkins anafika kumayambiriro kwa September atavala jekete ndi tayi, monga munthu wodzatenga mlongo wake mwaulemu. M'mawa mwake anthu anasonkhana pansi pa mpeyala, amuna pa mipando, akazi pa mphasa. Temwa anabwera kuchokera ku boma n'kukhala pafupi ndi mayi ake, maso ali ofiira.

A Wilkins ndiwo anayamba. Anathokoza a kwa Hara posunga mlongo wawo zaka zonsezi. Anati chipinda akonza kale kuseri kwa nyumba yawo, chamagetsi, mpopi uli pafupi, sadzasenzanso ndowa. "Munthuyu wakula, wagwira ntchito mokwanira. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Tingopempha kuti mumumasule."

Onse anatembenukira kwa a Fanuel. Mkuluyo anakhosomola, kusisita mawondo, n'kuyamba kulankhula.

"Yewo chomene, adada, mwalankhula bwino. Ife pano pakamwa tilibe. Ng'ombe sizinapite kwanu. Munthu amene sitinamulowole sitingamugwire pa mkono kuti khala, tikatero ndiye kuti tikuba mwana wa eni. Mbwenu tangokhala chete. Koma ndapota, musaganize kuti chete wathuyu ndi wokondwa. Ine pakhomo pano ndasiya kupondapo chifukwa ndikawaona amulamu mtima ukundiwawa chomene. Mng'ono wanga wapita, tsono awanso apite?"

Anapukuta maso ndi chipewa.

Linily anawayang'ana alamu akewo ngati akuwaona koyamba. Miyezi yonseyi iye ankati akumupirikitsa, pamene iwo ankati iye ndiye akufuna kupita. Aliyense ankalemekeza mnzake mpaka kutsala pang'ono kutayana. Pa nkhani zotere mkazi wamasiye sayankhula, amangomva zimene amuna agwirizana. Koma safunsa adadya phula. Linily anagwada n'kuomba m'manja pang'ono.

"Alamu, mundikhululukire, ndifunse. Ng'ombe zija zikanapita, lero mukananena chiyani?"

"Nkhani iyi sikanakhalapo n'komwe, mulamu. Munthu samufunsa ngati akufuna kukhala pakhomo pake."

"Nanga zinachedwa?"

A Fanuel anadzutsa mutu. "Malowolo sachedwa. Ena amamaliza adzukulu atabadwa kale."

Linily anatembenukira kwa mchimwene wake. "Achimwene, landirani ng'ombe."

A Wilkins anachita ngati awaluma mavu. "Iwe Nambewe, wazungulira mutu? Malume anakana uli mtsikana, ine ndikugulitse uli ndi imvi? Anthu kwathu akandiona bwanji?"

"Malume ankandikonda, ndipo sindikuwaimba mlandu. Koma sanafunse kuti ng'ombezo n'zachiyani. Ine ndakhala kuno, ndaona. Si mtengo wa munthu, achimwene. Akanakhala kuti akugula, bwenzi lero akugula chiyani, mano atsala pang'onowa? Chipinda mwandikonzeracho ndathokoza kuchokera pansi pa mtima. Koma mukandiika m'menemo, m'mawa ndizikadzukira chiyani? Ndizikathirira mpopi?"

Akazi pa mphasa anabisa nkhope m'zitenje. A Wilkins anamasula tayi pang'ono. Anayang'ana nkhokwe, khola, nkhunda zili balala padenga, mitengo yotsikira ku dambo. Dzulo lake anali atadya nkhunda yootcha, kumwa tiyi wa uchi ndi mkaka wa pompo, ndipo anali atafunsa kawiri ngati mafuta a m'ndiwo anali ogula. Anali munthu woumirira koma sanali wouma mtima.

"Ndiye ukufunadi kukhala?"

"Ndikufuna kukhala."

"Temwa, iwe ukuti bwanji?"

"Amalume, amama mukawachotsa pano mudzatiitana mwezi usanathe kuti akudwala."

A Wilkins anapuma mozama. "Chabwino. Koma mundiuze, a Hara, ng'ombezo ine ndikaziika kuti? Kapuloti kanga ngakhale nkhuku zimadandaula. Ndikazimangirire pakhonde?"

Apa ndiye chiseko chinaphulika, amuna ndi akazi omwe, koyamba pakhomopo chichokereni Louis. A Fanuel anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anafotokoza kuti limenelo si vuto. Mwini ng'ombe amasungitsa kumene wafuna, ndipo kuno anthu ambiri ng'ombe zawo zimagona m'makola a abale. Khola labwino linalipo pomwepo, ndipo wolisamala ankamudziwa.

"Ndiye kuti mlongo wanga akhala wondiwetera ng'ombe?"

"Mkaka ndi ndowe ndi zake. Ng'ombe ndi zanu."

"Ndowezo atenge ndithu," anatero a Wilkins.

Ena ananena kuti angopatula ng'ombe m'khola la malemu Louis, poti zili pafupi. A Fanuel anakana. Anati zimenezo Linily anazivutikira yekha, ndipo munthu sangalowoledwe ndi thukuta lake lomwe. Masana omwewo anapita ku khola lawo n'kusankha ng'ombe yaikazi yofiira, yabwino kuposa zonse, ndi mwana wake. Abale ena anawonjezera zawo. Dzuwa likupendeka, ng'ombezo zinalowa pakhomo pa Linily fumbi lili koboo, ana a m'mudzi akuthamanga pambuyo. A Wilkins anaimirira pa chipata cha khola, jekete ili pamkono, n'kuzilandira imodzi ndi imodzi, abale akuona. Yofiira ija itawanunkhiza anabwerera m'mbuyo msangamsanga, koma mawu olandira anawanena onse.

Elube ndiye anayambitsa nthungululu. Anavula chitenje chake n'kumufunditsa Linily kumutu monga amachitira ndi mkwatibwi, n'kumamuzungulira akuvina.

"Mkamwana wafika! Taonani kamtsikana katsopano! Kaya kamadziwa kuphika?"

"Choka apa iwe," anatero Linily ali m'chitenjemo. Ankaseka, misozi ikutsika, ndipo sanadziwe kuti aleke chiti. Chimene ankamva mumtima chinali kuthokoza kokhakokha, kochuluka moti kunkamulemera. Ankathokoza mkulu amene anapereka ng'ombe yake yabwino chifukwa cha mayi wokalamba, mchimwene amene anameza mawu a malume ake, ndi Louis amene sanamukumbutsepo ngakhale tsiku limodzi kuti anabwera wosalowoledwa.

A Wilkins ananyamuka m'mawa mwake ndi thumba la mtedza, botolo la uchi ndi nkhani yoti akaifotokoze bwino ku Dedza. Atangowaperekeza, a Fanuel anamuitana Linily.

"Mulamu, tiyeni tiyende pang'ono. Pali chimene chatsala."

Anadutsa kuseri kwa mudzi, Elube akuwatsatira, mpaka ku manda a kwa Hara. Manda a Louis anali asanamere udzu. A Fanuel anavula chipewa, anaima kanthawi, kenaka analoza ndi ndodo malo opanda kanthu kumanzere kwa mandawo.

"Mpaka dzulo malo awa sindikanatha kukuonetsani. Mukanamwalira, tikanayenera kukunyamulani kupita nanu kwanu. Tsono lero ndi anu. Palibe wina adzagone apa."

Linily anayang'ana malowo nthawi yaitali. Panali pabwino, pamthunzi, ndipo ukaima pamenepo madenga a pakhomo pake ankaoneka. Anagwada, n'kuika dzanja pa dothilo, kenaka pa manda a mwamuna wake.

"Ndamva, alamu. Yewo chomene," anatero mawu ali otsika. Anadzuka akukuntha fumbi m'mawondo. "Koma musawasese msanga. A Hara adikire kaye, anazolowera kundidikira. Ine mvula ili pafupi ndipo munda sindinauyambe."